Funsani Achipatala: Dzanzi la paphewa kwa odwala shuga

Makalata asanu a mwezi uno achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo onse akudandaula za phewa la munthu wodwala shuga. Mayina tabisa monga mwa nthawi zonse.

Adokotala, ndine mayi wa zaka 52, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Zigwagwa. Anandipeza ndi shuga zaka 6 zapitazo ndipo ndimamwa metformin m'mawa ndi madzulo. Kwa masabata atatu tsopano phewa langa lamanja likuchita dzanzi, nthawi zina ngati nyerere zikuyenda kutsikira kuchala chachikulu. Mapazi ali bwinobwino. Anzanga akuti shuga wayamba kudya mitsempha. Kodi n'zoona? Mayi wa ku Chibavi

Mayi, n'zoona kuti shuga akakhalitsa ali wokwera amawononga mitsempha imene imanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu. Koma ali ndi njira yake imene amakonda kutsata. Amayambira ku mitsempha yaitali kwambiri m'thupi, imene imachoka m'munsi mwa msana kukafika kuzala zakumapazi, mtunda wa pafupifupi mita imodzi. Timitsempha ta magazi timene timadyetsa mtsempha wautali chonchi tikayamba kutsekeka, kunsonga kwake ndiko kumayamba kuvutika. N'chifukwa chake dzanzi la shuga limayambira kuzala zakumapazi, mapazi onse awiri mofanana, n'kumakwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka ngati munthu akuvala sokosi. Likamayandikira m'maondo m'pamene limaonekeranso kunsonga za zala zam'manja. Kuti lisiye mapazi, lisiye manja, n'kukakhala paphewa limodzi lokha, n'zosowa.

Zimene mwalembazi zikutilozera kukhosi. Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, pakati pawo pali timapilo tofewa, ndipo mitsempha ya mkono imatulukira m'timipata ta pakati pa mafupawo. Kapilo kakatumphukira pambali, kapena fupa likamera timinga chifukwa cha zaka ndi ntchito yolemetsa, mtsempha umapanikizika pamene ukutulukira, koma munthu amamva vutolo kumene mtsemphawo ukupita. Wotulukira pakati pa fupa la 4 ndi la 5 umafika paphewa. Wa pakati pa la 5 ndi la 6 umadutsa paphewa n'kutsika mpaka kuchala chachikulu, ndipo ndi umene tikuukayikira mwa inu. Wotsatira umapita kuchala chapakati, womaliza kuchala chaching'ono. Shuga ali nalo gawo lake pamenepa: mtsempha umene waufooketsa supirira kupanikizika ngati wa munthu amene alibe shuga.

Yesani izi kunyumba. Khalani pampando, pendeketsani mutu kumbali ya phewa lodwalalo ndipo yang'anani m'mwamba pang'ono, osadzikankha ndi dzanja. Nyerere zija zikathamanga kutsikira mumkono, gwero lake ndi khosi. Kenako ikani chikhatho cha dzanja lomwelo pamwamba pa mutu kwa mphindi imodzi. Dzanzi likachepa, umboni wawonjezeka, chifukwa kukweza mkono motero kumamasula mtsempha wokokeka. Onaninso ngati phewalo likuzungulira momasuka mbali zonse. Pa vuto la khosi limatero.

Pali china chimene chimafanana ndi ichi. Ngati dzanzi limakudzutsani usiku, lili m'chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, ndipo limatha mukakutumula dzanja, mtsempha ungakhale wapanikizika pamalo ovala wotchi. Odwala shuga zimawachitikira kawirikawiri, ndipo kupwetekako kumatha kukwera mpaka kuphewa. Chothandiza ndi kugona mutavala chomangira chimene chimaletsa dzanja kupindika.

Ngati ndi khosi, ambiri amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12 popanda opaleshoni, malinga asiye chimene chikulipanikiza. Tikudziwa kuti kumsika munthu sasankha, koma dengu la tomato pamutu m'mawa uliwonse, kapena ndowa ya malita 20 imene imalemera makilogalamu 20, ndizo zimabwezera vutoli m'mbuyo ngakhale nkhata ikhale yokhuthala bwanji. Kwa masabata 6 lipirani wa wilibala kapena wa sacramento (njinga ya kabaza), kapena gawani katunduyo maulendo awiri. Gonani ndi pilo mmodzi wosakwera kwambiri. Katatu patsiku, mutakhala chowongoka, kokerani chibwano kumbuyo osaweramitsa mutu, gwirani masekondi 5, masulani, bwerezani ka 10. Pa ululu imwani panado wa 500 mg mapiritsi awiri pakatha maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Brufen, diclofenac ndi indocid musawasandutse a tsiku ndi tsiku musanayezetse impso, chifukwa impso za wodwala shuga zili kale pampanipani ndipo mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita kumeneko.

Tikupemphani zinthu ziwiri motsindika. Musatemetse mphini pamalopo, chifukwa chilonda cha wodwala shuga chimachedwa kupola ndipo chimatukusira msanga. Ndipo mukafuna kuthowa, madziwo ayesedwe ndi chigongono cha mkono wabwino. Khungu ladzanzi silimva kuti likupsa. Munthu wofuna kukupotokolani khosi mwamphamvu kuti lilire, mukaneni.

Musadikire masabata 6 aja mukaona mkono ukufooka, kapu ikukupulumukani, mabatani akukuvutani kumanga, miyendo ikulemera poyenda, kapena mkodzo ukuvuta kuugwira. Zimenezo zikutanthauza kuti chapanikizika si mtsempha umodzi wokha koma msana weniweniwo wa m'kati mwa mafupa. Chimodzimodzi ngati mukuwonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Yambirani kuchipatala cha pafupi monga ku Mapale, ndipo akaona kuti n'kofunika akulemberani kalata ya ku Mzuzu Central Hospital kukajambula khosi ndi kukaonana ndi a fiziyo. Muli komweko vulani nsapato, akuyezeni mapazi ndi kaulusi ka pulasitiki koonera ngati khungu likumva kukhudza. Wodwala shuga aliyense ayenera kuyezedwa mapazi kamodzi pachaka, ngakhale akumva bwino.

Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 63, amadwala shuga ndi BP. Akamakankha njinga pachitunda pobwera kunyumba, phewa lamanzere limalemera n'kuchita dzanzi mpaka kuchigongono, thukuta n'kumatuluka ngakhale kuli chisanu cha mu June. Akapuma pang'ono zimatha. Pachifuwa sipapweteka, ndiye iwo akuti n'chilungulira chabe. Ndiwagulire mankhwala anji? Mnyamata wa ku Mchengautuwa

Achimwene, musagule mankhwala alionse. Pitani nawo kuchipatala mukangowerenga yankho lino, osadikira tsiku la kiliniki ya shuga.

Chimene chatidetsa nkhawa ndi nthawi imene dzanzilo likubwera: pachitunda, n'kutha akapuma. Umu ndi mmene umachitira mtima umene mitsempha yake ya magazi yayamba kutsekeka. Munthu akakhala phee, magazi ochepa amene akudutsawo amakwanira; akayamba kukankha njinga mtima umafuna ambiri n'kuwasowa. Uthenga wa ululu wochokera kumtima umalowera mumsana pamalo amodzi ndi wochokera kumkono, choncho ubongo umasokonezeka n'kumva ngati vuto lili paphewa, mumkono, m'chibwano kapena pakati pa mapewa kumbuyo. Kusapweteka kwa pachifuwa kusakunyengeni. Shuga wa zaka zambiri amawononganso mitsempha imene imamva ululu wa mtima, moti odwala shuga ena mtima umavulala kwambiri iwo akungomva phuma, nseru, thukuta ndi kufooka.

Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe. Mukafika fotokozani ndendende mmene mwatilembera, ndipo pemphani ECG, kuyeza kwa mtima kosapweteka kumene sikutha mphindi 10. Dziwani kuti ECG yojambulidwa munthu atapuma imatha kutuluka bwino vuto lilipo, n'chifukwa chake nkhani ya chitunda ija isasiyidwe. Aspirini amathandiza pa matenda a mtima, koma ayambe atauzidwa ndi dokotala amene waona BP yawo ndi kufunsa za zilonda za m'mimba. Pakadali pano njinga aisiye. Zikawagwira atangokhala, kapena zikapitirira mphindi 15 osatha, pezani galimoto nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Asayende pansi ndipo asakwere sacramento.

Pakhomo panu aliyense adziwenso izi. Dzanzi lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, phewa, mkono ndi nkhope pamodzi, ndi sitiroko mpaka achipatala atanena kuti ayi. Auzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, anene dzina la mudzi wawo. Mlomo ukapotoka, mkono umodzi ukatsika wokha kapena mawu akamakokeka, lembani nthawi imene zayamba ndipo thamangani nawo, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa. Apa musawapatse aspirini, chifukwa sitiroko ina imabwera ndi kutaya magazi mu ubongo, ndipo musawamwetse kanthu chifukwa angatsamwe.

Ngati amamwa glibenclamide kapena amabaya insulini, thukuta la pachitunda lingabwerenso ndi kutsika kwa shuga. Dzanzi lake limakhala m'milomo ndi kunsonga za zala, limodzi ndi kunjenjemera ndi njala yoopsa. Makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina owerengera manambala ang'onoang'ono, sungunulani masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga m'theka la kapu ya madzi, amwe, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya chenicheni. Koma ngakhale mupeze kuti shuga amatsikadi, mtima ukaonedwebe.

Ndine mphunzitsi wa zaka 48. Phewa langa lamanja linayamba kupweteka usiku miyezi 5 yapitayo, nthawi zina kumanyerenyesa, pano lauma. Sinditha kulemba pamwamba pa bolodi kapena kumanga duku. Pachipatala china cholipira anandibaya jakisoni paphewa, ululu unachepa koma shuga anakwera kupitirira 300. Kodi anandilakwitsa? Mayi wa ku Katoto

Aphunzitsi, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi kuuma kwa phewa kumene madokotala amati frozen shoulder. Mfundo ya phewa ili m'kathumba kofewa kamene kamatamuka mukakweza mkono. Shuga wochuluka m'magazi amamatirira pa ulusi wa kathumbako, kamatupa, kukhuthala n'kufupika, mfundo n'kusowa poyendera. Mwa odwala shuga 10, mmodzi kapena awiri amakumana nazo, makamaka a zaka 40 mpaka 60, ndipo mwa ena phewa linalo limadzatsatira pambuyo pake.

Chizindikiro chake chodalirika ndi ichi: munthu wina akayesa kukukwezerani mkono inu mutaulefula, umakanabe pamalo omwewo. Gundikani chigongono m'nthiti, pindani mkono, yesani kutembenuzira dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko, ndipo fanizirani ndi mbali yabwino. Pa vutoli dzanja limaima msanga. Kunyerenyesa pang'ono kumatheka, koma dzanzi lenileni lofika kuzala si la vuto limeneli. Likakhalapo, khosi lionedwenso monga tawafotokozera mayi a ku Chibavi.

Matendawa amayenda m'magawo atatu. Miyezi yoyamba, imene imatha kufika 9, ndi ya ululu, makamaka usiku. Kenako ululu umachepa koma kuuma kumakula. Pomaliza phewa limayamba kumasuka lokha. Zonse pamodzi zimatenga chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo kwa odwala shuga zimakonda kuchedwerapo. Tikunena izi poyera kuti musataye ndalama kwa aliyense wolonjeza kuchiza m'sabata imodzi.

Jakisoni wa mtundu wa steroid ndi chithandizo chovomerezeka pa gawo la ululu, ndipo kukwera kwa shuga ndi khalidwe lake lodziwika. Amakwera m'maola ochepa, amafika pachimake m'masiku atatu oyamba, ndipo nthawi zambiri amabwerera m'malo pakatha pafupifupi sabata. Chimene chinayenera kuchitika ndi kukuchenjezani, kuyeza shuga musanabayidwe, ndi kukuuzani kuti muziyeza kawiri kapena katatu patsiku sabata imeneyo. Akadzafuna kubayanso, nenani zimene zinachitika. Shuga akakhala pamwamba pa 300 limodzi ndi ludzu losatha, kusanza kapena kuwodzera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ntchito yaikulu ili m'manja mwanu, kawiri kapena katatu patsiku, mutayamba mwafunditsa phewa ndi nsalu ya madzi ofunda, makamaka m'mawa wa chisanu cha kuno. Weramani, dzanja labwino litatsamira pa tebulo, lodwalalo lilendewere, ndipo lizungulizeni ngati mukujambula mbale pansi, ka 10 mbali iyi, ka 10 mbali inayo. Kenako imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo ngati nyerere mpaka pamene mwamva kukoka, gwirani masekondi 10, chongani ndi choko kuti muziona mmene mukukwerera sabata ndi sabata. Mutagona chagada, gwirani mpini wa tsache ndi manja onse awiri, dzanja labwino likwezere lodwalalo kumutu. Kukoka kumveke, koma ululu ukapitirira maola awiri mutamaliza ndiye kuti mwapyola, mawa lake chepetsani. Kulimangirira phewa pachitenje tsiku lonse poopa ululu kumangoliumitsa kwambiri. Kusukulu pemphani kuti kwa miyezi ino muzilemba m'munsi mwa bolodi, kapena mwana wamtali azikulemberani mitu ya phunziro.

Ndamwa metformin kwa zaka 9, ndipo miyezi itatu yapitayo ndinayamba mankhwala a TB. Mapazi ankachita dzanzi pang'ono kale, koma pano akuotcha, manja nawonso, mpaka kumveka m'mapewa onse awiri. Loweruka ndimamwako pang'ono. Ndisiye mankhwala ati? Bambo wa ku Luwinga

Bambo, musasiye alionse mwa inu nokha. Kudukiza mankhwala a TB kumabala TB yosamva mankhwala, imene chithandizo chake n'chowawa kuposa dzanzili.

Mitsempha yanu ikumenyedwa kuchokera mbali zingapo. Shuga anayamba kale kumapazi. Mwa mankhwala a TB muli isoniazid, amene amachotsa vitamini B6 m'thupi, ndipo kufulumira kwa vuto lanu m'miyezi itatu imeneyi kukuloza kwa iye. N'chifukwa chake wodwala shuga amene ali pa mankhwala a TB amayenera kumwa kapiritsi ka pyridoxine tsiku lililonse. Onani m'thumba la mankhwala anu ngati kalimo. Ngati mulibe, kapena mumakadumpha poganiza kuti n'kosafunika, kanenani kumene mumalandira mankhwala sabata ino. Dzanzi likayamba kale, mlingo wake amaukweza. Musadziwonjezere nokha, chifukwa B6 wopyola muyeso amawononganso mitsempha yomweyo.

Metformin naye, akamwedwa zaka zoposa 4 kapena 5, amalepheretsa matumbo kuyamwa bwino vitamini B12. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limaonekera mochedwa. Zizindikiro zake ndi dzanzi m'manja ndi m'mapazi nthawi imodzi, kutopa, kuchepa magazi, lilime losalala lopweteka, ndi kudzandira mumdima. Pemphani kuyezedwa magazi. B12 akapezeka wochepa amabwezeretsedwa ndi jakisoni kapena mapiritsi, metformin mukumwabe. Timapiritsi tachikasu ta B complex togulitsidwa paliponse tisakupusitseni, tambiri tilibe B12 kapena tili naye wochepa kwambiri. M'zakudya B12 ali mu usipa, mazira, mkaka, nyama ndi chiwindi. M'masamba ndi nyemba mulibe. Usipa wa ku Nkhata Bay umene umadzaza m'misika yathuwu ndi wotsika mtengo kuposa nyama ndipo umagwira ntchitoyi.

Za Loweruka, yankho ndi kusiyiratu. Mowa paokha umawononga mitsempha, ndipo pamodzi ndi mankhwala a TB umavulaza chiwindi.

Funsaninso kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi. Kwa akulu ambiri cholinga ndi cha m'ma 7 peresenti. TB imakweza shuga, koma potsitsa pasakhale liwiro. Shuga amene wakhala pamwamba kwa nthawi yaitali akagwetsedwa m'masabata ochepa, mitsempha imatha kuyamba kuotcha thupi lonse, mapewa ndi pamimba pomwe. Pa kuotcha kosagonetsa, dokotala angakupatseni amitriptyline wa mlingo wochepa, womwa pogona. Amatenga sabata ziwiri kapena kuposa kuti amveke, amaumitsa m'kamwa ndi kuwodzeretsa, ndipo amuna amene mkodzo umavuta kutuluka kapena amene ali ndi vuto la mtima anene asanayambe.

Kwa masiku awiri khungu la paphewa langa lamanzere kumbuyo likuotcha ndi kubaya, ngakhale bulauzi ikakhudza. Palibe chotupa. Ndili ndi shuga. Mayi wa ku Zolozolo

Mayi, wina azikuyang'anani pamalopo m'mawa ndi madzulo pa kuwala kwabwino. Khungu lootcha mbali imodzi, lopweteka ndi nsalu chabe, nthawi zambiri limakhala chiyambi cha mashingozi, ndipo matuza ake amatuluka patapita masiku awiri mpaka asanu, m'kamzere kosadutsa pakati pa msana. Kachilombo kake ndi ka katsabola amene munadwala muli mwana. Kamagona mumtsempha n'kudzuka chitetezo cha thupi chikatsika, monga zimakhalira ndi shuga wokwera kapena ukalamba. Akakuuzani zoyezetsa HIV musadabwe, amatero ndi aliyense wa mashingozi.

Mukangoona timadontho tofiira kapena tuza loyamba, pitani tsiku lomwelo. Acyclovir amagwira bwino akayambidwa m'maola 72 matuza atatuluka. Amamwedwa kasanu patsiku kwa masiku 7, ndi madzi ambiri, ndipo mlingo wake umachepetsedwa ngati impso zili zofooka, choncho nenani kuti muli ndi shuga. Matuza musawaboole, musapakepo phulusa kapena masamba osinja. Sambitsani ndi sopo, umitsani, phimbani ndi nsalu yoyera yopepuka. Madzi a m'matuza angapatsire katsabola khanda kapena mayi woyembekezera amene sanadwalepo, choncho musabereke mwana kumbuyo mpaka atauma n'kupanga nkhanambo. Shuga muziyeza pafupipafupi masiku amenewa chifukwa amakwera thupi likamalimbana ndi matenda. Ululu ukatsalira matuza atapola, bwererani kuchipatala, chifukwa umenewo ndi wa mtsempha ndipo panado yekha sautha.